Lole ya pa pulazi imayamba ndi buku, osati penti



Sabata ziwiri zapitazi mwakhala mukuzungulira zithunzi za Bedford yamphuno itaima pansi pa shedi cha ku Banket, udzu utafika m'zitseko. Woika zithunzizo akuti madola 900, injini ndi yamoyo, buku palibe koma "za mapepala tikakonza pa boda". Anthu agawikana pawiri. Ena akuseka, ati chimenecho ndi khola la nkhuku, chidulidwe chikayezedwe pa sikelo. Ena athamangira kumbali kukapempha nambala ya foni. Ife tikuti nonse mwaphonya, koma ophonya moopsa ndi othamangira kumbaliwo.

Ife ndife anthu atatu amene tayenda msewu wa Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Blantyre kwa zaka zoposa makumi awiri. Tinagulapo malole awiri akale m'mapulazi a ku Mashonaland. Yoyamba inatidyera mpamba wonse. Yachiwiri ikutidyetsa mpaka lero. Kusiyana kwa awiriwa sikunali mu injini ayi.

Yoyambayo inali Bedford TK. Anatilozera ndi dobadoba wina wolankhula bwino, wodziwa kutchula munthu kuti bwana. Anati mwini wake anapita kunja kalekale, amene akukhala pa pulazipo tsopano ndiye akugulitsa, buku linapsa ndi nyumba. Tinalipira madola 1,200 pansi pa mtengo, kalata yogulitsirana n'kulembedwa pa pepala long'amba m'kope la mwana wa sukulu. Tinapopera penti yabuluu, tinalemba dzina la geni yathu pachitseko, tinagula matayala anayi atsopano. Ulendo woyamba weniweni, titanyamula chimanga, apolisi anatiimitsa n'kuyang'ana nambala ya chasisi. Inali m'dzina la kampani ya pulazi ina, osati pulazi imene tinaitengako, ndipo panali dandaulo lakale loti inasowa. Lole inatsala pomwepo, mnzathu amene ankayendetsa anagona m'chitokosi masiku awiri, foni ya dobadoba n'kusiya kupezeka. Apolisiwo sanalakwe. Olakwa tinali ife: tinayamba ndi penti.

Kuti mumvetse chifukwa chake za mapepala n'zovuta chonchi, dziwani kaye kumene malolewa achokera. Chinhoyi, Banket, Karoi, Mvurwi, Bindura, Marondera: awa anali madera a mapulazi akuluakulu a fodya, chimanga ndi tirigu, ndipo pulazi iliyonse inali ndi galaja yakeyake. Kuyambira 1965 mpaka 1979 dziko la Rhodesia linali lotsekeredwa pa malonda, masipeya ankabwera mozembetsa, choncho anthu anazolowera kukonza m'malo motaya. Injini ya lole yakufa ankaiika mu ina, giyabokosi n'kuchokera kwinanso. Kenako m'chaka cha 2000 kunabwera kulanda ndi kugawa minda. Eni ake ena anachoka ndi katundu wawo, ena anasiya zonse m'mashedi, ena anagulitsa mofulumira popanda kusintha maina. Mu 2004 boma linakhazikitsa lamulo lolipatsa mphamvu yotenga zipangizo za pa pulazi zimene zangokhala osagwira ntchito. Ndiye lole imodzi ikhoza kukhala ndi "eni" anayi: wolembedwa m'buku, amene anapatsidwa munda, boma, ndi wantchito wakale amene anauzidwa pakamwa kuti tenga lole iyi m'malo mwa penshoni. Kukhala pa munda sikutanthauza kuti lole ili m'shedimo ndi yako. Amene akukuuzani zosiyana ndi izi akufuna madola anu basi.

Tsono mawu akuti "tikakonza pa boda" ndi bodza lamkunkhuniza. Pa Nyamapanda sapanga buku la galimoto. Pa Chirundu sapanga. Za umwini wa galimoto ya ku Zimbabwe zimayambira ku Central Vehicle Registry ku Harare, ndipo kumeneko ndi kumene muyenera kupita musanatulutse ngakhale dola imodzi. Lembani nambala ya chasisi nokha, mutaipala ndi burashi ya waya pachitsulo penipeni, osadalira kapuleti ka pachitseko kamene munthu angachotse ndi kumata pena. Lembaninso ya injini. Mukapeza kuti ya injini siikugwirizana ndi buku musadabwe, tanena kale chifukwa chake, koma ziyenera kukonzedwa m'kaundula wogulitsayo akadalipo, osati inu mutatsala nokha. Malole ambiri ongokhalawa akadali ndi mapuleti akale aja a manambala asanu ndi imodzi ndi chilembo kumapeto. Funsani ngati ilimobe m'kaundula, funsaninso ku ZINARA ngati pali ngongole ya laisensi, chifukwa ngongoleyo imatsata galimoto, siitsata munthu.

Zikatero mupite ndi wogulitsayo, ali ndi chitupa chake, ku nthambi ya apolisi yoona zakuba magalimoto, imene amaitcha Vehicle Theft Squad, akaione ndi maso. Mulipire msonkho wosinthira dzina ku ZIMRA. Ngati mwini wolembedwa m'buku anamwalira, amene ali ndi mphamvu yogulitsa ndi wosankhidwa ndi khoti kuyang'anira chuma chamasiye, osati mphwake amene ali ndi makiyi. Ngati ili m'dzina la kampani, pafunika kalata ya kampaniyo. Ndipo ngati cholinga chanu n'kuitulutsa kupita nayo kumudzi, pafunika chikalata cha apolisi cha SARPCCO, chimene a ku Malawi kapena ku Zambia adzachifuna asanailembetse. Pitaninso ku MRA mukafunse msonkho wake musanagule, chifukwa kwathu galimoto ikakalamba msonkho suchepa monga ambiri amaganizira. Kumbukirani kuti njira ya kumudzi imadutsa m'dziko la Mozambique, kumene inshuwalansi yake mumagula payokha pa Cuchamano. Wogulitsa akakana kuyenda nanu m'maofesiwa, wakuyankhani kale. Tsanzikanani mwaulemu, kwerani basi.

Ena mudzati, minda imeneyo inalandidwa kwa makolo a anthu kalekale, ndiye buku la mzungu lili ndi ntchito yanji? Nkhani ya minda tiisiyire eni dziko, ife ndife alendo ochita geni. Chimene tikudziwa n'chakuti kompyuta ya apolisi sidziwa mbiri ya dziko, imadziwa nambala ya chasisi. Ndipo m'chitokosi mumalowa dalaivala, osati dobadoba. Madalaivala, nkhani iyi ndi yanu kuposa ya bwana wanu. Musakwere lole imene simunaone buku lake.

Tibwere kwa oseka aja. Inu mukuti zitsulo zimenezi zidulidwe. Kodi munaonapo chasisi ya Bedford J6 kapena ya Mercedes 1113 itapalidwa dzimbiri? Ku Mashonaland kulibe nyanja yamchere, ndipo lole yokhala pansi pa denga zaka makumi awiri kawirikawiri imakhala ndi chitsulo chabwino kuposa thiraki yobwera kuchokera ku UK, kumene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu. Injini zake zilibe kompyuta. Pampu ya dizilo, mapaipi asanu ndi imodzi, batire, basi. Ikazima pa Mutoko, mnyamata wa sipanala amaidzutsa. Thiraki yamakono ikayatsa kanyali kofiira pa Changara, mumagona masiku atatu kudikira munthu wa laputopu. Amene amadula lole yabwinobwino ndi moto n'kuigulitsa pa kilo ali ngati munthu wopha ng'ombe ya mkaka chifukwa chofuna chikopa.

Komanso masipeya alipo, munthu akadziwa chofunsa. Kampani ya Bedford inasiya kupanga malole ku England mu 1986, koma ku Pakistan ma Bedford amphuno akunyamulabe katundu mpaka lero, ndipo zida zake zambiri zikupangidwabe kumeneko ndi ku India. Mercedes yamphuno yaifupi ija ili ndi injini ya OM352, imene ku South Africa ankaipanga pa dzina la ADE 352. Kampani yomweyo ya ADE inkapanganso injini za Perkins, zimene mumazipezanso m'mathirakitala a Massey Ferguson, choncho lole imene anaiika Perkins masipeya ake mumawapeza kwa ogulitsa za mathirakitala. Mazda T35 ndi mapikapu a B1600 ndi B1800 ankalumikizidwa ku Willowvale ku Harare komweko, ndipo zida zake zili mbwee. Zatsopano mukayendere msewu wa Kaguvi. Zakale, komanso amisiri owotcherera ndi osula, ali ku Magaba ku Mbare ndi ku Gazaland ku Highfield. Kwathu pitani ku Ndirande kapena kwa Biwi. Nyamulani chida chakalecho m'manja pokagula, musafotokoze ndi pakamwa. Ndipo wogula Bedford agule masipanala a mainchi, chifukwa a mamilimita amangobulungiza mitu ya mabawuti.

Koma chuma chachikulu chimene mukuchiponda osachiona ndi anthu. Lole yathu yachiwiri, Bedford J6 ya injini ya 330, tinaigula ndi buku lake kwa mayi wamasiye cha ku Mvurwi, titayenda m'maofesi miyezi iwiri. Tsiku lokaitenga tinafika ndi batire ndi thirakitala yoti ikoke kuti ilire. Madala ena amene anakhala pa chitsa akutiyang'ana anadzuka n'kunena m'Chinyanja chosakaniza ndi Chishona kuti, "Ana anga, mukaikoka imeneyo mwaipha." Tinafunsa kuti, "Agogo, mwaidziwa bwanji?" Anati anaiyendetsa ndi kuikonza zaka 26. Bambo awo anachokera ku Ntcheu, iwo anabadwira pa komboni ya pulazi yomweyo, kumudzi sanapiteko n'kamodzi komwe.

Madala ngati amenewa alipo ambiri m'makomboni a ku Mashonaland. Makolo awo anachokera ku Ntcheu, Dedza, Mangochi, Angonia ndi Chipata, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi. Ndi ana a matchona, amene ankanyozedwa kuti Maburandaya, amene zitupa zawo zinkalembedwa kuti ndi alendo m'dziko lobadwira. Minda itagawidwa ambiri anataya ntchito osalandira munda. Koma ndi iwowa amene ankadziwa bawuti iliyonse ya m'magalaja aja. Chimene chimatiwawa n'chakuti madobadoba amawagwiritsa ntchito ngati agalu osakira. Madala alozere pamene pali lole, aidzutse, aulule matenda ake onse, kenako apatsidwe madola awiri ndi chigubu cha Chibuku. Ena mwa ochita zimenezi ndi ife tomwe olankhula chinenero chimodzi ndi iwo. N'zamanyazi. Ife tinagwirizana nawo malipiro a pa mwezi, chakudya, ndi kuti mdzukulu wawo aziphunzira pambali pawo. Palibe ndalama imene tinaigwiritsa bwino kuposa imeneyo.

Zimene anatiphunzitsa tikupatsani ulere.

Injini yogona zaka zambiri siikokedwa ndipo siilizidwa tsiku loyamba. Mumachotsa mainjekitala, kuthira dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono m'masilinda, n'kuisiya sabata. Kenako mumaizunguza ndi dzanja, pogwiritsa ntchito chitsulo chachitali. Ikakana, dikiraninso; mukakakamiza mumathyola maring'i kapena kupinda kondirodi. Tsegulani pansi muone oyilo: akatuluka madzi poyamba kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti mutu wa injini uyenera kutsika. Thanki ichotsedwe itsukidwe, chifukwa dizilo wakale amasanduka phala. Njira yolowera mpweya muipisemo, mumakhala zisa za mavu ndi za makoswe. Pampu ya dizilo ndi mainjekitala musazitsegule pansi pa mtengo. Zipite kwa a makina oyezera. Pampu yogwirana m'kati ikhoza kuchititsa injini kuthamanga yokha osamva kiyi mpaka kuphulika, n'chifukwa chake tsiku loyamba kuiliza munthu mmodzi amaima ndi thabwa lokonzeka kutseka polowera mpweya. Thabwa, osati dzanja, osati chiguduli.

Injini ikalira musasangalale msanga. Lole yolira koma yosaima ndi bokosi la maliro. Labala aliyense wa mabuleki asinthidwe, mapaipi onse a mabuleki asinthidwe, ngakhale akuoneka abwino kunja, chifukwa amaola kuyambira m'kati. Makingipini, masipuling'i, ndi malo amene masipuling'i agwira chasisi muwayang'ane ndi tochi mutatsuka; ming'alu imabisala pamenepo, ndipo chasisi yowotcherera mwachisawawa ndi chifukwa chokwanira chosiyira lole yonse. Matayala akale, kaya mapanga ake akadali akuya, ndi otayidwa. Marimu a mphete aja apha anthu ambiri: musapope tayala mutaliweramira, limangeni ndi tcheni kapena likhale m'khola lachitsulo. Ladiyeta ipite kokatsukidwa, ndipo mawaya onse asongedwe atsopano, chifukwa makoswe anadyamo kale ndipo moto wa m'kabu suchenjeza.

Penti imabwera pomalizira penipeni, lole itapambana kale ku VID. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukaona lole yakale ikugulitsidwa itapoperedwa dzulo, mpaka matayala ndi mapaipi atadetsedwa ndi penti, funsani chimene akubisa.

Za ndalama tinene mosabisa. J6 yathu tinaigula madola 1,500. Pofika tsiku loyamba kunyamula katundu wolipidwa, patatha miyezi 14, tinali titaonjezerapo madola 4,800. Mtengo wogulira ndi kachigawo kakang'ono chabe. Amene ali ndi madola 900 okhawo asagule lole, agule katundu apitirize geni. Ndipo musayerekeze kukonza lole ndi ndalama ya katapila, chifukwa chiwongoladzanja chimathamanga pamene lole ili pa mathabwa. Ife tinkapatula pang'ono ulendo uliwonse, mwezi uno mabuleki, mwezi wamawa matayala awiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tivomerenso mbali imene oseka aja akunena zoona. Lole ya zaka makumi asanu si yoti izipikisana ndi Scania pa msewu wa Beira kapena wa Joni. Imayenda pang'onopang'ono, imamwa, ndipo chiwongolero chake chimafuna mapewa. Kutentha kwa ku Tete ndi zitunda za ku Zobue, kapena kutsetsereka kwa ku Marongora popita ku Chirundu, si malo oyesera lole yongodzuka kumene. Ngati mukupita nayo kumudzi, makilomita oposa 600 a Harare mpaka Blantyre iyende itakwezedwa pa thiraki ina. Ntchito yake ndi ya pafupi: mabelo a fodya kuchoka kumunda kupita ku okushoni, tomato wa ku Mutoko kupita ku Mbare Musika, mchenga, njerwa, chimanga, feteleza, m'misewu ya fumbi imene mathiraki amakono amakana kulowa. Yathu ikugwira ntchito zoterezi, ilibe ngongole ku banki, ndipo yaphunzitsa ana anayi. Amene akukuuzani kuti Bedford ya madola 900 izikathamanga ku Durban mwezi wamawa ndi wabodza mofanana ndi wa mapepala a pa boda uja.

Ndiye pempho lathu kwa oyang'anira gulu lino ndi ili. Aliyense woika chithunzi cha lole yogulitsa aikenso chithunzi cha buku ndi nambala ya chasisi, ndipo anene ngati iye ndi mwini kapena ndi wapakati. Kukhala wapakati si tchimo, tonse timadya za pakati, koma kubisa ndiko kuba. Chithunzi chopanda zimenezi chichotsedwe tsiku lomwelo. Muno muli azimayi amene asonkhanitsa mpamba zaka zisanu akugona pansi pa boda ndi mabelo a zovala. Sitingamangoonerera akukankhidwira m'dzenje limene ife tinagwamo kale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu amene mtima uli pa lole yakale, musagwe ulesi ndi zimene talembazi. Ntchitoyi ndi yotheka ndipo ndi yokoma. Tsiku limene J6 inalira koyamba, utsi wakuda utadzaza shedi, madala aja anavula chipewa n'kukhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ikadali ndi mawu ake." Koma tsatani ndondomeko yake: buku poyamba, madala kachiwiri, mabuleki kachitatu, penti kumapeto.

Madalawo anatisiya chaka chatha. Mdzukulu wawo ndiye akuyendetsa loleyo tsopano, ndipo amaimva ndi khutu monga ankachitira agogo ake. Malole a m'mashedi akhoza kudikira zaka zina khumi, chitsulo sichithamanga. Amene sakudikira ndi madala otsalawo. Mukamapita ku Banket kukaona Bedford ija, musanafunse mtengo, funsani kaye kuti ankaiyendetsa ndani, ndipo ngati ali moyo kawapezeni ku komboni mutanyamula shuga. Safunsa anadya phula.

Wa zithunzi uja, ngati buku lilipo, liikeni pano tonse tilione, ndipo ife tidzakhala oyamba kupepesa.